Kadontho Kofiira ka a Kalisto

Mutu 5

1. Mphoto ya pa kabati

Chaka cha 1996, ali Folomu 3, Jennifer Alufazema anaposa onse pa Chingerezi kusukulu kwawo. Mphoto yake inali dikishonale yaikulu, yachikuto chobiriwira, yolemera ngati njerwa ziwiri. Chikwama anali nacho, koma bukulo analinyamulira m'manja mpaka kwawo ku Bangwe, ndipo anadzera njira ya mumsika, imene ili yotalikirapo.

Kunyumba analiika pa kabati, pakati pa wailesi ndi chithunzi cha Amayi Maria. Amayi ake, a Kristina, analiyalira kansalu koluka, n'kumalipukuta fumbi Loweruka lililonse. Kulitsegula kokha ndiye kunalibe. Jennifer ankati munthu akapatsidwa mphoto ya dikishonale ndiye kuti zam'katimo akuzidziwa kale, apo ayi akanam'patsa sopo.

Kuyambira pamenepo Chingerezi chake chinasefukira. Kumpopi ankalonjera nacho. Nkhuku za aneba ankazithamangitsa nacho, ngakhale nkhukuzo sizinaonetse kusintha kulikonse. Anzake anamutcha Dikishonale pofuna kumuseka, iye n'kulandira dzinalo ngati udindo.

Bambo ake, a Ignasio, anali khukhi. Anachoka ku Nsanje ali mnyamata, ndipo anaphikira banja lina la azungu ku Namiwawa zaka khumi ndi zinayi. Azunguwo atabwerera kwawo, a Ignasio anakhala pakhomo miyezi isanu, jekete lawo loyera lili pamsomali kuseri kwa chitseko.

Kenako m'nyuzipepala munatuluka uthenga. Nyumba ina yatsopano yogona alendo ku Chinyonga inkafuna khukhi. Makalata akhale a m'Chingerezi, ndipo afike pasanakwane Lachisanu masana.

2. Khonde la a Kalisto

M'dera limenelo munali lamulo losalembedwa paliponse. Kalata iliyonse yopita ku ofesi inkayamba yadutsa pakhonde pa a Kalisto.

A Kalisto anali bambo wachikulire amene anagwira ntchito kosindikizira mabuku zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ntchito yawo kumeneko inali imodzi, kuwerenga zimene ena alemba zisanalowe m'makina. Popuma anachokako ndi rula ya thabwa ndi pensulo yofiira. Ankaika rula pansi pa mzere n'kumawerenga chammbuyo, kuyambira liwu lomaliza mpaka loyamba, chala chili pa liwu lililonse. Kalata ikakhala bwino ankaitembenuza n'kuika kadontho kofiira pakona yakumunsi. Anthu ankakhulupirira kadonthoko kuposa sitampa ya ku positi.

Jennifer anafikapo kamodzi pakhondepo, mphoto itangobwera kumene. Anapita ndi chimangirizo chimene aphunzitsi anachiyamikira, kuti nawonso achiyamikire. A Kalisto anazunguliza mawu asanu ndi pensulo ija, amayi atatu akuonerera.

"Mwana wanga," anatero, "Chingerezi chako n'chabwino, chimathamanga. Vuto lake n'lomwelo. Ine pa zaka zonse zija mawu aatali sanandigwetsepo. Amenewo munthu umawaopa, umadzuka n'kukawayang'ana m'buku. Ogwetsa munthu ndi aja umati ukuwadziwa, ofanana nkhope ngati ana a mimba imodzi, chonsecho wina ndi mphunzitsi, wina ndi wakuba. Diso likathamanga limangoona mutu wa liwu ndi mchira wake, zapakatizo limangoganizira. N'chifukwa chake ndimawerenga chammbuyo, kuti nkhani isandikoke. Ndinathamangapo tsiku limodzi. Tinasindikiza makadi a ukwati mazana atatu. Pofuna kulemba marital, za m'banja, tinalemba martial, za nkhondo. Tinawafunira akwatiwo nkhondo yabwino. Bambo wa mkwatibwi anabwera ndi makadi onse m'thumba la shuga n'kuwakhuthulira padesiki panga. Mpaka lero ndikadutsa patchalitchi pamene anamangira ukwatiwo, ndimayang'ana kumbali."

Jennifer anathokoza ndi pakamwa pokha. Pobwerera anauza anzake kuti Chingerezi cha a Kalisto n'cha chipani chimodzi, chinatha ndi riferendamu.

3. Kuseri kwa golosale

Lolemba m'mawa, holide ili m'kati, a Ignasio anakhala pampando n'kuyamba kunena m'Chinyanja, Jennifer akulemba m'Chingerezi.

"Uwauze kuti ndikufunsira malo amene alengezawo. Uwauze kuti ndine khukhi wodziwa ntchito. Nyama, nsomba, buledi, ngakhale zotsekemera zija amadya pomaliza, zonse ndimaphika. Unenenso kuti thupi langa n'labwino, sindinadwalepo matenda aakulu."

"Pang'onopang'ono, ababa, ndikusankha mawu."

Anasankhadi. Cholembera chinkangothamanga, ndipo sanayang'ane n'kamodzi komwe ku kabati. A Ignasio Chingerezi ankachimva ndi makutu, chija cha kukhitchini, koma chapapepala chinkawavuta. Anangoona kuti zilembo zili zoongoka bwino, n'kugwedeza mutu.

"Pita nayo kwa a Kalisto."

"Koma ababa, n'kofunika? Mphoto ija…"

"Mphotoyo ili pa kabati. Iwe pita kwa a Kalisto."

Pakhonde pa a Kalisto panali anthu anayi. Mmodzi anali a Betty, mayi wogulitsa mandasi pamsika, amene nkhani ikawafika m'mawa, pofika masana inkakhala itafika ku Namiyango. Jennifer anaima kuseri kwa mtengo wa papaya. Anaona pensulo yofiira ikuzungulira liwu pakalata ya munthu wina, pang'onopang'ono, ngati khwangwala pamwamba pa anapiye.

Anabwerera. Kuseri kwa golosale anatulutsa bolopeni yake yofiira, imene ankadulira mizere pansi pa mitu m'makope ake. Anatembenuza kalata ija, n'kuika kadontho pakona yakumunsi. Anakhala pamwala kanthawi kuti ulendo uoneke wautali.

"Ati bwanji?" anafunsa a Ignasio atabwerera.

Jennifer ankadziwa kuti palibe angakhulupirire zoti kalata yadutsa pakhonde paja osakhudzidwa.

"Asintha mawu anayi," anatero. "Ati anga aja sanali bwino. Ndakoperanso pomwepo."

A Ignasio anatembenuza pepala. Ataona kadontho analemba chizindikiro cha mtanda n'kumata envulopu. Kenako anatsitsa jekete lija pamsomali n'kupempha sopo.

4. Lachitatu masana

Lachitatu a Ignasio ananyamuka m'mawa, jekete losita bwino lili pathupi. Anabwerera cha m'ma thu koloko, jekete atalipinda n'kulipanira m'khwapa. M'nyumba sanalowe. Anadutsa pakhomo pawo ngati pakhomo pa mlendo, ulendo wa kwa a Kalisto. A Kristina anasiya mbale n'kuwalondola, Jennifer ali pambuyo.

Pakhonde panali anthu monga mwa masiku onse.

"A Kalisto, ndinakulakwirani chiyani?" anayamba a Ignasio, mawu ena akutuluka m'Chisena monga zinkachitikira akapsa mtima. "Tinali anthu khumi ndi awiri pabenchi. Kalaliki watsegula kalata yanga, wayamba kuseka. Waitana mnzake, nayenso kuseka. Mpaka mlonda wasiya geti kudzamva. Ndiye andimasulira, pamaso pa anthu onse. Akuti ndikufunsira tchuthi, ntchito ndisanaiyambe n'komwe. Akuti ndine chitofu chabwino. Akuti ndimadziwa kuphika chipululu. Ndipo akuti chibadwire sindinamwalirepo!"

Wina anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa.

"Mayi woyang'anira malowo watuluka, waiwerenga, wandibwezera m'manja. Mawu anayi, a Kalisto! Mwana wanga analemba bwinobwino, mwana wa mphoto, inu n'kumusinthira mawu anayi omwewo. Si kadontho kanu aka?"

A Kalisto anavala magalasi. Anaika rula pansi pa mzere womaliza n'kuwerenga chammbuyo mpaka pamwamba, osafulumira, ngati palibe amene akuwakalipira. Kenako anatembenuza pepala. Anayang'ana kadontho kaja nthawi yaitali. Anakapukuta ndi chala chachikulu, koma sikanasunthe.

Anadzutsa mutu. Maso awo anadutsa a Ignasio, anadutsa a Kristina, n'kukaima pa Jennifer. Sanakhalitsepo.

"Pepani, a Alufazema," anatero. "Maso akalamba."

A Betty anali oyamba kudzuka. Anasolola kalata yawo pamulu umene unali pa tebulo.

"Yangayi ndi yopempha malo a mwana kusukulu," anatero. "Ndingakapemphe manda osadziwa."

Enanso anatenga zawo mmodzimmodzi, aliyense akunena kuti wangokumbukira poto pamoto. Jennifer anayang'ana zala za kumapazi kwake. Zinali khumi, monga kale.

5. Pensulo ndi bolopeni

Lachinayi m'mawa, a Kristina ndi Jennifer ankachapa kuseri kwa nyumba. A Kristina anayankhula maso ali pa beseni.

"Jennifer, ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3. Chingerezi ndimangochimvera pa wailesi. Koma pensulo ndi bolopeni ndimazisiyanitsa, ndipo kalata ija ndaiona. Sindikukufunsa kanthu. Bambo ako sindiwauza, imeneyo si ntchito yanga. Ndingokuuza za a Kalisto. Kalata imene inalowetsa bambo ako ntchito ku Namiwawa inadutsa pakhonde paja. Yokupezera iwe malo kusekondale inadutsanso pomwepo. Bambo aja alibe munda, alibe sitolo, ana awo ali kutali. Ali ndi kadontho kaja basi. M'mawa amasamba, kumanga tayi, n'kukhala pakhonde chifukwa akudziwa kuti kubwera anthu. Lero ndadutsapo popita kumpopi. Tayi amanga. Pakhonde palibe munthu. Kulakwitsa mawu si mlandu, ngakhale ansembe amalakwitsa powerenga. Koma kubwereka dzina la munthu wamkulu osamupempha, kukagwa nalo m'matope, iwe n'kudzuka woyera, zimenezo ine sindinakuphunzitse. Tenga, kayanike."

Jennifer anayanika. Jekete loyera lija linali momwemo.

Masana ake kunali mphakati, msonkhano wa mapemphero wa Akatolika a m'deralo, ndipo sabata imeneyo unali pakhomo pa a Betty. Amayi anakhala pamphasa, abambo pabenchi. A Kalisto anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, korona ili m'manja. A Ignasio anakhala kumapeto enawo.

Atatha mapemphero, a Betty anaimirira n'kukonza chitenje.

"Abale, pali kankhani kochepa. Makalata sadikira munthu. A Kalisto atithandiza zaka zambiri, Mulungu awadalitse, tsopano apume. Mwayi wake, tili ndi Dikishonale pakati pathu pomwe pano, wa maso atsopano. Ndikuti makalata athu aziona Jennifer. Yanga nayi, ayambire pomwepa."

Anthu anaomba m'manja. Kalata inadutsa m'manja mwa amayi atatu n'kufika kwa Jennifer.

Sabata yapitayo akanaiwerenga ataimirira, dzanja lina lili m'chiuno. Anaitambasula. Pamzere woyamba penipeni panali liwu lotchulira mkulu wa sukulu, principal. Kapena linayenera kukhala principle? Mawu awiriwo anangomuyang'ana ngati mapasa ovala malaya ofanana, ndipo panalibe limene linafuna kunena dzina lake.

Anadzutsa mutu. Kumapeto kwa benchi, a Kalisto anali atakoleka korona pachala, nawonso akuomba m'manja pang'onopang'ono pamodzi ndi anthu.

Jennifer anachoka pamphasa n'kukagwada pakati pa bwalo, pafumbi.

"Kalata ya ababa sinafike kwa a Kalisto," anatero. "Mawu onse aja ndi anga. Sanasinthe kanthu, sanaione n'komwe. Kadontho kaja ndinaika ndekha ndi bolopeni, kuseri kwa golosale."

Zonsezi ananena m'Chinyanja chokhachokha, koyamba pa miyezi itatu.

Nkhuku ina inadutsa pakati pa bwalo, ndipo panalibe woithamangitsa m'chinenero chilichonse. A Betty anawerama n'kuchotsa kalata yawo m'manja mwa Jennifer ndi zala ziwiri.

"Ohoo," anatero. "Ndiye tinatsala pang'ono kupereka makalata athu kwa a chitofu."

A Ignasio sanayang'ane mwana wawo. Anadzuka, kuvula chipewa, n'kuyenda benchi lonse mpaka kumapeto. Ananjuta pamaso pa a Kalisto.

"Achimwene, ndakutukwanani pakhomo panu, pamaso pa anthu."

"Munatukwana kadontho, a Alufazema. Kanali kolakwadi."

"Ndiye kuti munadziwa?"

"Pensulo imafufutika ndi chala. Bolopeni ayi."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikananena ine, mwanayu akanangokhala wogwidwa. Ogwidwa ndawaona ambiri, amangophunzira kubisa bwino. Ndinati ndidikire, mwina mwini kadonthoko abwera yekha kudzakatenga." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Koma ndisaname, lero m'mawa nthawi inatalika pakhonde paja."

Kenako anatembenukira kwa Jennifer, amene anali chigwadire.

"Dzuka, fumbi lakwana. Lachisanu ndi mawa. Ndamva kuti kwanu kuli buku lina limene limapukutidwa Loweruka lililonse. Kalitenge."

6. Chammbuyo

Jennifer ananyamula dikishonale ija kachiwiri pamaso pa anthu. Ulendo uno anafunafuna chikwama, koma amayi ake anati chili m'madzi.

Pakhonde pa a Kalisto anthu anali atabwerera kale, a Betty ali patsogolo penipeni, ngati si iwo anayamba kuchoka. Palibe amene anaoneka wofulumira. Onse anakhala bwinobwino kuti aonerere.

Bukulo potsegulidwa linalira. Masamba ena anali omatirirana, ndipo linkanunkha sitolo.

"Lakhala bwino, silinavutitsidwe," anatero a Kalisto. Anam'patsa rula. "Kalata yako yakale nayi. Yambira pansi. Liwu lililonse limene ungalumbire kuti ukulidziwa, limenelo ndiye uliyang'ane."

Anayambira pansi. Anapeza deceased, womwalira, ndipo masamba angapo kutsogolo anapeza diseased, wodwala. Anapeza desert, chipululu, itagona pafupi ndi dessert, zotsekemera za pomaliza. Anapeza kuti cook ndi munthu, cooker ndi chimene munthuyo amaphikirapo. Pomaliza anapeza vacation, tchuthi, ndipo pamwamba pake pang'ono panali vacancy, malo a ntchito opanda munthu, amene bambo ake akhala akuwafuna miyezi isanu.

"Werenga mokweza," ankatero a Kalisto pa liwu lililonse. "Anthuwa nawonso amve, anakuombera m'manja."

Analemba kalata yatsopano. Pensulo inazunguliza mawu awiri. Analembanso. Inazunguliza limodzi. Kachitatu, dzuwa litapendekera ku Soche, a Kalisto anawerenga chammbuyo mpaka pamwamba, n'kuwerenganso chamtsogolo mpaka pansi. Anatembenuza pepala. Ananyowetsa nsonga ya pensulo ndi lilime, n'kuika kadontho pakona.

"Wotsatira," anatero.

A Betty anali atatambasula kale dzanja.

Kunyumba a Ignasio anayang'ana kadonthoko. Anakapukuta ndi chala chachikulu, ndipo kanasiya kamzere kofiira. Anamata envulopu, koma sanaiike m'thumba mwawo.

"Nkhope yanga aiona kale ku Chinyonga," anatero. "Yaseketsa anthu mokwanira sabata ino. Kalata yoyamba unalemba ndiwe, ine n'kukainyamulira manyazi. Iyi upita nayo wekha."

Lachisanu m'mawa Jennifer anakwera minibasi ya ku Limbe, n'kumaliza ulendo wapansi. Pageti la nyumba ya alendo ija panali bokosi la makalata, mlonda atakhala pambali pake.

"Ya khukhi? Dzina?"

"Alufazema."

Nkhope ya mlonda inawala ngati walandira mlendo wakumudzi.

"Eee! Mwana wa bambo osamwalira aja! Ali bwanji, akadali moyo?"

"Ali bwino," anatero Jennifer, maso ali pansi. Anatambasula dzanja kuti aponye envulopu m'bokosi, koma mlonda anatseka pakamwa pa bokosilo ndi chikhatho.

"Iyi ayi. Ena onse akuponya umu n'kumapita. Koma mayi anena kuti ikabweranso ya Alufazema, wobwera nayo asabwerere pageti. Lowa, chitseko chachiwiri."

Jennifer anadutsa benchi lodzaza abambo ovala majekete oyera. Onse anasiya kucheza. Chitseko chachiwiri chinali chotsegula, ndipo kuseri kwa desiki kunali mayi woyang'anira malo uja, wa magalasi, akulemba. Sanadzutse mutu msanga. Atadzutsa, sanayang'ane envulopu. Anayang'ana Jennifer.

"Ndiwe unalemba yoyamba ija?"

"Ndine, mayi."

"Tseka chitseko. Khala apa, yatsopanoyi undiwerengere wekha."